Dua ya pogona ili ndi manja, tisawadule

M'makalasi mwathu muno muli chizolowezi china chimene sindichikonda. Munthu akangowerenga mabuku awiri a filosofi, amayamba kuona pemphero lililonse ngati chithumwa cha osaphunzira. Mukamuuza kuti Msilamu wa ku Kachulu asanagone amawerenga Ayatul Kursi ndi masura atatu omaliza a Qur'an, kenaka n'kuuzira m'manja mwake ndi kudzisisita thupi katatu, amamwetulira n'kufunsa ngati udzudzu umamva Chiarabu. Funsoli limaseketsa, koma wofunsayo sanauwerenge mwambowo mpaka kumapeto.

Tiyambe ndi malowo. Kachulu ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Zomba, pa doko limene mabwato amanyamukira kupita ku chilumba cha Chisi. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosazama, ndipo inaphwa mu 1968, mu 1995 komanso mbali yaikulu mu 2018. Asodzi ambiri amakhala milungu yathunthu pa zimbowera, timisasa toyandama pakati pa udzu wa m'nyanjamo, kusaka matemba, makumba ndi milamba. Madzi akumwa ndi omwewo, chimbudzi ndi momwemo. N'chifukwa chake kolera sachedwa kufika ku Chilwa, mpaka mu 2016 panachitika kampeni yapadera ya katemera wakumwa yolunjika asodzi amenewa. Munthu wogona pamalo otere akapempha chitetezo usiku, sakuchita sewero. Akudziwa chimene akuopa.

Tsono taonani zimene mabuku a hadith amaika pambali pa mawu a dua. Mu Sahih al-Bukhari muli hadith ya Jabir imene Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) akulamula kuti usiku anthu atseke zitseko, avundikire ziwiya za chakudya ndi madzi, amange pakamwa pa matumba a madzi, ndiponso azimitse nyale chifukwa khoswe akhoza kukoka chingwe cha nyaleyo n'kutentha nyumba. Hadith ya Abu Hurayra imati munthu akunthe pogona pake asanagonepo, poti sakudziwa chimene chalowapo iye kulibe. Ya al-Bara ibn Azib imayamba ndi wudhu, kusamba m'manja, kumaso ndi mapazi. Aliyense amene anagonapo pa mkeka m'nyumba yofolera udzu, koloboyi ali pambali, chinkhanira chikuyenda m'mbali mwa khoma, akumva bwino lomwe zimene zikunenedwa apa. Mtsuko wovundikira ndi uthenga womwewo umene alangizi a zaumoyo amayenda nawo m'midzi kolera akabuka. Kusiyana kwake n'kwakuti uwu wakhalapo zaka zoposa 1,400 ndipo sufuna alawansi.

Apa m'pamene ndimasemphana ndi mbali inayo, ya okhulupirira. Si chinsinsi kuti m'nyanja zathu maneti ambiri oteteza udzudzu amathera m'madzi kukokera tinsomba, ana n'kumagona pamtunda. Bambo amene wawerengera mwana wake Sura al-Falaq ndi al-Nas koma neti ili m'bwato watenga theka la sunna n'kusiya theka lina. Ndikudziwa kuti njala ndiyo imatengera netiyo kunyanja, ndipo sindikumuweruza mopepuka. Koma m'chipembedzo chomwecho muli nkhani yodziwika ya mu Tirmidhi, ya munthu amene anauzidwa kuti ayambe wamanga ngamira yake kenaka atsamire kwa Mulungu. Mashehe athu akamaphunzitsa ana ku madrasa kuloweza dua ya pogona, ndikanakonda kuti neti, kulorini ndi chivundikiro cha ndowa zizilowa m'phunziro lomwelo, osati ngati nkhani ya boma yongobwerekera mphindi zisanu pambuyo pa swala ya Jumu'ah.

Pali chinanso chimene anzanga oseka aja sachiona. Mantha a usiku m'dziko lathu amapha anthu. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayamba ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo ndi madera ena. Anthu ankagona panja m'magulu, ndipo angapo anaphedwa pongowaganizira. Phalombe ndi tsidya lomwelo la Chilwa. Onjezani agogo amene amamenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba powanamizira ufiti. Sura al-Falaq sikana kuti munthu amaopa mdima, matsenga ndi kaduka. Imazitchula zonse zitatu. Koma imamuuza wamanthayo kuti akathawire kwa Mulungu, ndipo simupatsa dzina la mnansi woti akamuthire zala. Iwe amene sukhulupirira ukhoza kutsutsa ngati pali amene amamva pempherolo. Chimene sungatsutse n'chakuti munthu amene wapereka mantha ake kwinakwake n'kugona tulo ndi wosaopsa kwa anzake kuposa amene wagona ndi chikwanje kumutu.

Nkhawa yanga yeniyeni ili pa chilankhulo. Ana ambiri amaloweza mawu a Chiarabu bwinobwino, katchulidwe kosalakwika, koma mukawafunsa chimene anena amayang'ana pansi. Zikatero dua imasandukadi chimene onyoza amanena: mawu ongotchula kuti zoipa zithawe. Qur'an inamasuliridwa kale m'Chichewa ndi m'Chiyao, choncho chifukwa chobisalira palibe. Mwana wa ku Kachulu ayenera kudziwa kuti Ayatul Kursi, vesi 255 ya Sura al-Baqarah, imakamba za Mulungu amene saodzera ndipo sagona, ndipo n'chifukwa chake imawerengedwa pa nthawi imene iye akutseka maso pa chimbowera chogwedezeka ndi mphepo. Achinyamata achisilamu amene tili nawo pa sukulu pano, odziwa Chiarabu, Chiyao ndi Chichewa, akhoza kugwira ntchitoyi pa holide imodzi, ndi foni ndi gulu la WhatsApp la kumudzi kwawo.