Uthenga wa Khonsolo Usamathere pa Bolodi la ku Boma

Anzanga, yesani kufunsa anthu khumi pa msika wa pa Mponela kapena pa Malomo kuti chaka chino khonsolo yakonza zomanga chiyani m'dera lawo, ndipo ndalama zake ndi zingati. Ambiri akuyankhani kuti, "Aaa, zimenezo amadziwa ndi a ku boma." Chonsecho ndalamazo ndi za anthu omwewo, amene amadula chiphaso cha msika m'mawa uliwonse asanagulitse ngakhale mulu umodzi wa tomato. Maganizo anga ndi akuti makhonsolo athu a Dowa ndi Ntchisi akuyenera kusintha momwe amalankhulira ndi anthu komanso ndi antchito awo. Uthenga uzifika m'Chichewa, uzifika nthawi ilipo, ndiponso uzikhala ndi njira yobwererera kumene wachokera.

Tiyambe ndi zimene timaphunzira m'kalasi. Mu 1998 dziko lino linakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono pamodzi ndi ndondomeko ija timaitchula kuti mphamvu ku anthu. Papepala njira yake ndi yooneka bwino. Ku boma kuli bwanamkubwa ndi akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana. Pa dera la mfumu yaikulu, monga kwa Msakambewa, kwa Chiwere, kwa Kalumo kapena kwa Nthondo, pali komiti ya chitukuko ya ADC. Pa gulupu pali VDC. Uthenga ukachoka ku boma uyenera kutsika masitepe amenewa mpaka kufika pa khomo la agogo anu, ndipo dandaulo la agogo anu liyenera kukwera masitepe omwewo mpaka kukafika pa msonkhano wa khonsolo yonse. Khansala wa wodi ndiye mlatho wake.

Koma pali mbiri imene tisaiwale. Makhansala oyamba mu ulamuliro wa zipani zambiri anasankhidwa mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala zaka 9 opanda makhansala, mpaka chisankho cha patatu cha pa 20 May 2014. Zaka zonsezo makolo athu anazolowera kuti za chitukuko umangomva kwa amfumu kapena pa msonkhano wa aphungu, basi. Chizolowezi chofunsa khonsolo chinafooka, ndipo chizolowezi choti khonsolo izifotokozera anthu chinafookanso. Makhansala anabwerera, koma chizolowezi chija sichinabwerere chonse.

Tsono onani mmene maboma athu alili. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Dowa ili ndi anthu 772,569 ndipo Ntchisi ili ndi anthu 317,069. Anthu onsewa sakhala pafupi ndi ofesi ya bwanamkubwa. Munthu wa ku Nambuma kapena ku Madisi, kuti akafike pa Dowa boma, alipire galimoto mwinanso ndi kabaza yemwe. Wa kwa Kasakula kapena kuseri kwa phiri la Ntchisi, nthawi ya dzinja msewu ukaterera, ulendo wa ku boma ndi tsiku lathunthu. Ndiye chidziwitso chikamatidwa pa bolodi la ku ofesi kokha, amachiwerenga ndani? Amachiwerenga ndi amene ali kale pa boma, amene mwina nkhaniyo anaimva kale dzulo lake. Mlimi wa fodya ndi soya, amene nkhaniyo ikumukhudza, amaimva zitatha.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Zikalata zambiri za boma zimalembedwa m'Chingerezi, Chingerezi chakenso cha mu ofesi, choti ngakhale ife a Fomu 4 timachita kutsegula dikishonale. Kalembera yemwe uja anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse m'dziko muno, pafupifupi 69 ndiwo amadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo ambiri mwa iwowa amawerenga bwino chilankhulo chawo kuposa Chingerezi. Kuno kwathu ndi kuchimake kwa Chichewa. Bwanamkubwa, kalaliki, mlangizi, mfumu ndi mlimi, onse akakumana pa maliro amalankhula Chichewa. Nanga bwanji zikafika pa nkhani ya ndalama za mlatho chilankhulo chimasintha? Boma lenilenilo likudziwa kuti Chichewa chimagwira ntchito. N'chifukwa chake linayambitsa nyuzipepala ya Boma Lathu. N'chifukwa chake pali Chipatala Cha Pa Foni, pamene munthu amaimba 54747 n'kulandira malangizo a zaumoyo m'chilankhulo chimene akumva. Ngati zikutheka pa zaumoyo, zingatheke pa bajeti ya khonsolo.

Chachitatu, chimene anthu ambiri sachiganizira, ndi antchito a khonsolo eniake. Kumudzi kuno nkhope ya boma si bwanamkubwa. Ndi mlangizi wa zaumoyo amene amabaya ana katemera pansi pa mtengo wa mango, mlangizi wa zaulimi wa panjinga, mphunzitsi wa ku pulayimale, ndi bambo wodulitsa ziphaso pa msika. Anthu akamva mphekesera yoti mayina a olandira fetereza wotsika mtengo asintha, kapena kuti a Mtukula Pakhomo akulembanso anthu, sapita ku boma. Amaimitsa mlangizi pa msewu, ngakhale potuluka m'tchalitchi. Tsono mlangiziyo akayankha kuti, "Inenso ndangomva pa wailesi ngati inu nomwe," anthu amaganiza ziwiri: mwina akubisa kuti alembe abale ake, mwina ndi munthu wosafunika ku ntchito kwake. Zonse ziwirizi zimamuchotsera ulemu, ndipo mawa akadzabwera ndi uthenga weniweni wa katemera anthu adzamvera mokayika. Wantchito wa khonsolo ayenera kumva nkhani anthu asanamve, ndipo ayimve yonse, kuti akafunsidwa azitha kuyankha.

Ena anena kuti masiku ano pali WhatsApp, ndiye vuto latha. Zoona, magulu a pa WhatsApp athandiza, uthenga umayenda mphindi imodzi. Koma kumapiri kuno pali malo oti netiweki umachita kukwera pa chulu. Bando ndi ndalama ya m'thumba mwa mlangizi. Komanso pa WhatsApp pomwepo pamayenda zikalata zabodza zokhala ndi chidindo chooneka ngati chenicheni. Tikumbukire 2020, sukulu zitatsekedwa pa 23 March chifukwa cha COVID-19. Mphekesera za tsiku lotsegulira ndi za matendawo zinkayenda mofulumira kuposa uthenga wa boma. Nthawi ya kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, zinali chimodzimodzi: ena ankaopa kupita kuchipatala chifukwa cha mabodza. Pamene uthenga woona wachedwa, bodza limakhala pampando pake. Tsamba la Facebook nalo ndi labwino, koma agogo a kwa Chakhaza alibe Facebook.

Enanso anena kuti tili ndi mafumu, njira imeneyi makolo athu akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira kale. Ine mafumu ndimawalemekeza, ndipo palibe angasonkhanitse mudzi msanga ngati nyakwawa. Koma uthenga wapakamwa ukadutsa pa anthu asanu umasintha. Azakhali anga anauzidwapo kuti kalembera wina achitika Lachinayi. Anasiya kupalira, anayenda mtunda wautali mwana ali kumsana, pofika anapeza kuti anthu analembedwa Lachiwiri. Palibe amene anawanamiza dala. Tsikulo linangosintha pakamwa pa wina m'njira. Koma dzina lawo silinalowe m'kaundula, ndipo chaka chimenecho banja linavutika. Pakanakhala pepala limodzi la m'Chichewa pa chigayo, lolembedwa tsiku ndi malo, mwana wa sukulu aliyense akanawawerengera. Mafumu apitirize kulengeza, koma mawu awo aziyendera limodzi ndi pepala.

Ndiye pali ena amene amati anthu akumudzi safuna kudziwa za bajeti, amangofuna kuona chitukuko. Eti? Munthu amene amadziwa mtengo wa thumba la fetereza, amene amawerengera makilo a soya pa sikelo ya vendala kuti asaberedwe, angalephere kumva kuti chipinda chophunziriramo chadya ndalama zakuti? Ndalama zake si zochepatu. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, linayamba mu 2006, ndipo mu bajeti ya 2024/25 linafika pa K200 miliyoni pa dera lililonse. Panabweranso pulojekiti ya GESD, ya ndalama zokwana 100 miliyoni za ku America kuchokera ku World Bank, yopereka ndalama ku makhonsolo molingana ndi mmene agwirira ntchito. Ndalama zoterezi zikamayenda anthu osadziwa kuchuluka kwake, kontilakitala wake ndi tsiku lomaliza ntchito, palibe angadzudzule khoma likayamba kung'aluka lisanathe chaka. Ndipo khonsolo imene yagwira ntchito mwachilungamo imanamiziridwa zakuba, chifukwa choti anthu sanauzidwe kanthu. Kufotokoza kumateteza mbali zonse ziwiri.

Tisaiwale kuti kufunsa si mwano, ndi ufulu. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga. Lamulo lopereka mwayi wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Limati ofesi za boma zikhale ndi munthu woona za kupereka uthenga, ndipo wopempha ayankhidwe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo linapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa. Koma mayi wa kwa Chilooko asamachite kulemba kalata ndi kudikira masabata atatu kuti adziwe tsiku limene mjigo wawo ukonzedwe. Khonsolo yabwino imanena isanafunsidwe.

Nanga tichite chiyani? Zimene ndikupempha sizofuna galimoto yatsopano. Chidziwitso chilichonse chokhudza anthu chizikhala ndi tsamba limodzi la m'Chichewa, lolembedwa tsiku, malo, chidindo ndi nambala ya foni yofunsirapo. Tsambalo lizimatidwa pamene anthu amapita kale: pa sukulu, pa chipatala chaching'ono, pa msika, pa chigayo, ndipo lizitumizidwa ku mipingo ndi ku mizikiti kuti alengeze. Alangizi, amene amazungulira midzi tsiku ndi tsiku, azilandira uthengawo masiku angapo anthu asanaulandire, kudzera njira imodzi yodziwika, kuti chikalata chabodza chizionekera msanga. Pa ntchito iliyonse ya chitukuko paziikidwa chikwangwani cha m'Chichewa chonena mtengo wake, kumene ndalama zachokera, womanga ndi mwezi womaliza. Mawailesi a m'madera, monga Yetu ya ku Dzaleka, azipatsidwa nthawi yoti akuluakulu a khonsolo aziyankha mafunso a anthu pamphepo. Pomaliza, VDC ikatumiza pempho, izilandira yankho. Ngakhale yankho loti "chaka chino ndalama palibe, mwaikidwa chaka chamawa" ndi labwino kuposa zii. Anthu amapirira kudikira akadziwa chimene akudikira.

Ifenso ophunzira tili ndi gawo. Sukulu yathu ndi yoyendera, kutanthauza kuti madzulo aliwonse timabalalika kupita m'midzi yambiri, ndipo m'nyumba zambiri ndife amene timawerengera makolo makalata ndi mauthenga a pa foni. Palibe ofesi imene ili ndi amithenga ochuluka ngati sukulu ya CDSS. Ndikupempha aphunzitsi aakulu ndi aphunzitsi oyang'anira nyuzi ya pakhoma ino kuti atipatse kangodya kamodzi kotchedwa "Za ku Khonsolo". Tizimatapo zidziwitso zokhala ndi chidindo zokhazokha, ndipo za m'Chingerezi tizizitanthauzira mothandizidwa ndi aphunzitsi a Chichewa. Kamodzi pa teremu tiziitana a khansala a wodi yathu kapena wapampando wa ADC kuti adzatifotokozere zimene zakonzedwa m'dera lino, ife tiwafunse mwaulemu koma mosaopa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ambiri a ife tidzaponya voti koyamba mu 2030, ndipo pa mapepala atatu aja limodzi lidzakhala la khansala. Tingadzasankhe bwanji munthu amene ntchito yake sitinaimvepo? Choncho ndikusiyirani ntchito ya kunyumba yosafuna kope. Lero mukaweruka, kafunseni makolo anu dzina la khansala wa wodi yanu, dzina la wapampando wa VDC, ndi tsiku limene komitiyo inakumana komaliza. Mayankhowo mubwere nawo Lolemba, tidzayambire pamenepo kudzaza kangodya kathu.