NYELETI YA M'KOMBONI SI YA WODWALA KHANSA

M'makomboni ambiri muli munthu wodziwika kuti amalasa nyeleti. Wina akadwala, amaitanidwa madzulo, n'kubwera ndi kabotolo ka gentamicin m'thumba. Anthu amamukhulupirira poganiza kuti nyeleti ili ndi mphamvu kuposa mapiritsi. Koma mayi wa khansa akabwerako ku cipatala, thupi n'kuyamba kutentha, banja loitana munthu ameneyu laika moyo wa wodwala wawo paciswe.

Gentamicin ndi mankhwala abwino opha tizilombo. Akamwedwa salowa m'magazi, n'cifukwa cake amacita kulasa. Akalasidwa pa thako, mnofu umawapereka ku magazi, ndipo pakatha mphindi 30 kufika 60 amakhala atafika pacimake. Amene amawacotsa m'thupi ndi impso zokha. Mwa munthu wa impso zabwino, pakatha maola 2 kapena 3 theka la mankhwalawo limakhala litacoka m'magazi kupita ku mkodzo.

Thupi la wodwala khansa siliyenda m'ndondomeko imeneyi. Mnofu wa pa thako umakhala utatha, ndipo akafooka kwambiri magazi samayenda bwino m'menemo, motero mankhwala amalowa mocedwa. Mankhwala a khansa amacepetsanso tizinthu toumitsa magazi, kotero pamene palasidwa pangathe kutupa ndi magazi. Ngati mimba yadzala madzi, gentamicin amasungunukira m'madziwo, m'magazi n'kutsala ocepa. N'cifukwa cake ku wodi amawapereka mu mtsempha, atamuyeza wodwala pa sikelo.

Nkhani yaikulu ili pa impso. Khansa ya khomo la cibelekero, imene imagwira amayi ambiri m'Zambia kuposa khansa ina iliyonse, ikakula imatsekereza njira zocotsa mkodzo ku impso. Cisplatin, mankhwala amene amagwiritsidwa nchito pa khansa imeneyi, nayenso amavulaza impso ndi makutu. Kusanza ndi kusamwa madzi kumaonjezera vutolo. Impso zotere zingatenge masiku kucotsa zimene zabwino zimacotsa m'maola ocepa. Tsono nyeleti ya lero imapeza ya dzulo ikali m'magazi, ya mawa n'kupeza zonse ziwiri. Mankhwala ounjikana amaononganso impso zomwezo ndi mkati mwa khutu. Wodwala amamva kulira m'makutu, amayenda dzandidzandi, ndipo kugontha kotere nthawi zambiri sikucira. Wolasa uja alibe njira yoonera zimenezi. Ku cipatala amayeza creatinine m'magazi, n'kudziwa ngati acepetse mlingo, atalikitse nthawi, kapena asankhe mankhwala ena.

Mabanja sacita izi cifukwa ca ulesi. Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa mu 2007, cili ku Lusaka, ndipo ndalama za basi ndi zambiri. Koma kutentha thupi sikufuna ulendo wa ku Lusaka. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 munthu atalandira mankhwala a khansa, asilikali a m'magazi amakhala atatsika kwambiri, ndipo kutentha kofika madigiri 38 kungamuphe m'maola ocepa. Apite usiku womwewo ku cipatala capafupi, atanyamula khadi lake. Womuperekeza auze anasi tsiku limene analandira mankhwala a khansa, ngati mkodzo wacepa, ndiponso ngati analasidwa kale kunyumba. Cotsirizaci ambiri amabisa poopa kukalipiridwa, koma dokotala akapanda kucidziwa angathe kuonjezera gentamicin pamwamba pa gentamicin.