Makoleji tili nawo mu Livingstone, chosowa ndi njira yowalumikiza

M'mawa uliwonse ndikamapita kukakwera takisi kuno ku Nottie Broadie, ndimapeza anyamata atatu atakhala panjerwa pafupi ndi kantemba. Onse analemba mayeso a Giredi 12 zaka ziwiri zapitazo. Mmodzi mwa iwo, mwana wa aneba anga, anakhoza bwino ndithu. Nditamufunsa chifukwa chake sanapite ku koleji, anati anamva mochedwa za tsiku lotsekera mafomu, ndipo pomwe amazungulira kukafunsa kwina, ndalama ya mayendedwe inali itatha. Mnyamatayu sakhala kumudzi wakutali. Makoleji ali pafupi ndi kwawo, koma khomo lolowera sakuliona.

Livingstone si tauni yosowa malo ophunzirira. Tili ndi David Livingstone College of Education, yomwe tonse timangoti DALICE, yosula aphunzitsi. Tili ndi LIBES, yomwe akuluakulu amaikumbukira ngati Livingstone Trades, kumene amaphunzitsa ntchito zamanja ndi zamalonda. Pachipatala chachikulu pali sukulu ya unamwino ndi uzamba. Palinso makoleji ena omwe si a boma. Chovuta n'chakuti koleji iliyonse ili payokha, ndi fomu yake, masiku ake ndi malamulo ake. Kholo la ku Maramba kapena ku Libuyu lofuna kudziwa kosi yomwe mwana wake angakwanitse liyenera kuyenda khomo ndi khomo.

Mizinda ina inalithetsa vutoli kalekale. Ku Chicago, m'dziko la America, makoleji 7 amayenda pansi pa dzina limodzi la City Colleges of Chicago. M'dera la mzinda wa Phoenix muli makoleji 10 a Maricopa. Wophunzira amalembetsa kamodzi, ndipo zomwe wakhoza pakoleji ina zimawerengedwa akasamukira pa inzake. Sindikunena kuti titengere zonse za ku America. Nzeru yake yokha ndiyo ikufunika: makoleji a dera limodzi azigwira ntchito ngati banja limodzi.

Kuno kwathu tingayambe ndi zinthu zitatu. Choyamba, pakhale ofesi imodzi m'tauni, ndi nambala imodzi ya WhatsApp, komwe munthu angapeze makosi onse, fizi yake ndi masiku olembetsa. Chachiwiri, makalasi a madzulo abwere m'makomboni. Zipinda za masukulu a boma ku Dambwa, Linda ndi Ngwenya zimakhala zotseka ana akaweruka, pomwe amayi ogulitsa pamsika ndi anyamata ogwira ntchito m'maloji masana alibe nthawi ina yophunzirira. Chachitatu, makoleji agwirizane kuti amene walekeza kosi panjira chifukwa cha fizi asamayambirenso pachiyambi akabwerera, kaya pakoleji yomweyo kaya ina yophunzitsa zofanana. Zikayenda, njira yomweyi ifike ku Kazungula, Zimba ndi kwa Mukuni, chifukwa ana a kumeneko amayang'ananso kuno.

Ena anena kuti n'zosatheka, poti DALICE ili pansi pa unduna wa maphunziro, LIBES pansi pa unduna wa sayansi ndi luso, ndipo sukulu ya anamwino ili m'manja mwa unduna wa zaumoyo. Zoonadi, ndipo sindikupempha kuti makolejiwa aphatikizidwe kukhala imodzi. Kukhala pansi kamodzi pateremu n'kulemba kalendala imodzi sikufuna lamulo latsopano ku Nyumba ya Malamulo. Khonsolo ya mzinda ingathe kuitanitsa msonkhanowo. TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ilipo kale kuti iziona miyezo ya maphunziro a luso.

Nanga ndalama? Mu 2022 boma linakweza CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pakonsitityuwensi iliyonse, ndipo gawo lina ndi la mabasare a maphunziro a luso. Kuyambira 2017 olemba anthu ntchito amalipiranso msonkho wa Skills Development Levy. Koma basare imapindulira yekhayo amene wamva za iyo nthawi ikadalipo, ndipo walandira kale kalata ya malo ku koleji.

Tauni yathu ikudziwa kuwawa kotsala m'mbuyo. Likulu la dziko linachoka kuno mu 1935 kupita ku Lusaka. Fakitale yolumikiza magalimoto a Fiat ndi mafakitale a nsalu anatseka. Likulu la chigawo nalo linasamukira ku Choma. Chatsala ndi Mosi-oa-Tunya, mahotela, bwalo la ndege, ndi malole odutsa pamlatho wa Kazungula womwe unatsegulidwa mu 2021. Zonsezi zimafuna ophika, okonza mafiriji, amagetsi a sola, amakanika ndi odziwa mapepala a pachipata. Tikapanda kuwaphunzitsa ana athu, ntchitozi zidzapita kwa obwera, athu akuonerera.

Mutu umodzi susenza denga. Makolo anzanga, a khansala akaitanitsa msonkhano wa wadi, tiyeni tikafunse funso limodzi: kodi akuluakulu a makoleji a mu Livingstone adzakhala liti pamodzi? Anyamata aja akadali panjerwa paja, ndipo mafomu a chaka chamawa atsala pang'ono kutuluka.