Ku London amalipira msonkho, kuno kwawo amazemba

Pakati pa anthu opeza bwino m'dziko muno pabuka mpikisano wogula nyumba kunja. Uyu wagula ku London, uyo ku Sandton mumzinda wa Johannesburg. Akakumana amanyadirana kuti ana akapita kusukulu akafikira pawopawo. Chimene satiuza ndi kuchuluka kwa msonkho umene nyumbazo zimadya, ndi changu chimene eni ake amakhala nacho poulipira.

Ku England wogula nyumba amakhoma msonkho wotchedwa Stamp Duty. Ngati ali kale ndi nyumba ina yamtengo kwina kulikonse, kaya ku Area 43 kaya ku Namiwawa, amawonjezera 5 peresenti ya mtengo wonse. Inali 3 peresenti, boma la kumeneko lidakweza mu Okutobala 2024. Ngati sakhala m'dzikomo, pali 2 peresenti inanso imene idayamba mu 2021. Choncho panyumba ya mapaundi 400,000, munthu wa komweko amene alibe nyumba ina salipira zopitirira mapaundi 10,000, pomwe bwana wa ku Lilongwe amalipira 38,000, ndipo ndalamayo iyenera kuperekedwa pasanathe masiku 14.

Uko n'kulowa chabe. Chaka ndi chaka khonsolo imafuna msonkho wake, ndipo kuyambira mu Epulo 2025 makhonsolo a ku England ali ndi mphamvu zolipiritsa kawiri panyumba imene mwini wake amangofikiramo mwa apo ndi apo. Mukaika alendi, wotolera lendi amayamba wapatula 20 peresenti ya boma, pokhapokha bungwe la misonkho la HMRC litakulolani kulandira yonse n'kukalipira nokha. Mukagulitsa, phindu lanu amalidula msonkho. Mukamwalira nyumba n'kutsalira ana, boma limatenga 40 peresenti ya zonse zopitirira mapaundi 325,000. Ku South Africa nakonso sachita chibwana: mlendo akagulitsa nyumba yopitirira marandi 2 miliyoni, 7.5 peresenti imayamba yapita ku bungwe la misonkho la SARS iye asanagwire kanthu.

Ine sindikuwadzudzula maiko amenewa. Akuchita zoyenera. Nyumba imakwera mtengo chifukwa cha msewu wabwino, madzi osadukaduka, apolisi ndi sukulu zapafupi, zonse zolipiridwa ndi anthu okhala m'deralo. Mlendo amene wabwera kudzasungitsa chuma chake m'njerwa, kwinaku akukwezera mitengo achinyamata a komweko, ayenera kusonkha zambiri.

Chondiwawa ndi khalidwe la anthu omwewa akakhala kuno. Makhonsolo a Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba akhala akulira zaka zambiri kuti eni nyumba ndi malo salipira msonkho wa mumzinda. Munthu amene kalata ya khonsolo ya ku London imamugonetsa tulo tochepa, kalata ya khonsolo ya kwawo amaiponya m'dirowa, podziwa kuti akangoimba foni imodzi nkhani yatha. Mawa lake ndiye woyamba kutukwana maenje a mumsewu ndi zinyalala za pamsika, n'kumati kunja zinthu n'zadongosolo. Dongosolo limenelo walipira nawo ndi iye yemwe. Kwawo ndiko wakumana.

Tsono tifunsenso kumene mapaundiwo akuchokera. Dziko lino lili pa usiwa wa ndalama zakunja. Kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu agona pamizere ya mafuta, amalonda ang'onoang'ono amabwezedwa kumabanki chimanjamanja. Nanga wolandira malipiro a makwacha, makamaka wa m'boma, amapeza kuti mapaundi ogulira nyumba ndi ena 38,000 opatsa boma la eni?

Apa sindikunena anamwino, osamalira okalamba ndi madalaivala athu amene akukhetsa thukuta ku Manchester kapena ku Cape Town. Awa ndalama amazipeza komweko ndipo zina amatumiza kumudzi. Iwowa malamulo omwewa amawapweteka: amene adamanga kapena kusiyiridwa nyumba kuno sawerengedwanso ngati wogula koyamba ku England, motero amataya mwayi wochotseredwa msonkho. Asanasaine chilichonse afunse loya, ndipo asabise nyumba ya kwawo.

Koma akuluakulu a m'boma asatinamize kuti za kunja n'zosafufuzika. Kaundula wa malo wa ku England, HM Land Registry, amaonetsa mwini nyumba kwa aliyense wolipira kandalama kochepa, ndipo kuyambira 2022 makampani akunja okhala ndi malo ku Britain amakakamizidwa kuulula eni ake enieni. Kuno tili ndi lamulo la 2013 lokakamiza akuluakulu a boma kuulula chuma chawo. Ofesi yolandira mafomuwo iyerekeze zimene adalemba ndi zimene zili m'kaundula wa kunja. A Reserve Bank ndi a MRA afunse njira imene ndalamazo zidatulukira. Makhonsolo asindikize maina a angongole akuluakulu, ndipo ayambire kumipanda italiitali osati kwa mayi wogulitsa tomato. Amene wakwanitsa kulipira msonkho ku London sangauze khonsolo ya Lilongwe kuti alibe ndalama.