Makina oongolera ntchito m'mafakitale ndi masomphenya a Malawi 2063

Pamene boma linakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063 mu Januwale 2021, linaika ntchito za mafakitale kukhala imodzi mwa nsanamira zitatu za chitukuko cha dziko lino. Komabe kuchuluka kwa mafakitale pakokha sikungatsitse mtengo wa shuga kapena simenti. Mtengo umatsika pamene fakitale ikugwiritsa bwino ntchito malasha, magetsi ndi zipangizo zina, ndipo masiku ano zimenezi zimadalira kwambiri makompyuta oongolera makina.

Kapangidwe ka simenti kakuonetsa bwino nkhaniyi. Miyala ya laimu imawotchedwa mu uvuni waukulu wozungulira pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 1,450. Moto ukachepa, simenti imatuluka yosalimba; ukapitirira, malasha amatha pachabe ndipo njerwa za m'kati mwa uvuni zimawonongeka msanga. Popeza zotsatira za kusintha mlingo wa malasha zimachedwa kuoneka, woyendetsa makina amakonda kuonjezerako moto poopa kuononga katundu. Malasha oonjezerawo akawerengedwa pa chaka amakhala ndalama zankhaninkhani.

Pofuna kuthana ndi vutoli, mafakitale amakono amagawa ntchito yoongolera makina m'magawo atatu. Gawo loyamba ndi la timakina tomwe timasunga chinthu chimodzi, monga kutentha, pa mlingo womwe waikidwa. M'chaka cha 1975, makampani a Honeywell a ku America ndi Yokogawa a ku Japan anatulutsa njira yolumikizira timakinati kuti tizionedwa m'chipinda chimodzi.

Gawo lachiwiri ndi njira yotchedwa Model Predictive Control, yomwe inakula m'mafakitale oyenga mafuta m'zaka za m'ma 1970, ndipo katswiri wa kampani ya Shell, a Charles Cutler, anali mmodzi mwa oiyambitsa. Apa kompyuta imagwiritsa ntchito masamu polosera momwe makina akhalire m'mphindi zikubwerazo, kenaka imasintha zinthu zingapo nthawi imodzi vuto lisanafike. Gawo lachitatu limayang'ana za chuma: limawerengera mtengo wa mafuta, magetsi ndi katundu wopangidwa, nkuuza gawo lachiwiri mlingo womwe ungabweretse phindu lochuluka.

Phindu lenileni limapezeka pokhapokha magawo atatuwa akugwirizana. Gawo la pamwamba likalamula zomwe makina a pansi sangakwanitse, ogwira ntchito amataya chikhulupiriro nkuzimitsa kompyutayo, ndipo ndalama zomwe zinalowa pogula zimakhala zalowa m'madzi. Choopsa kwambiri ndi pamene zipangizo zoyezera zikupereka manambala olakwika. Pa 23 Malichi 2005, fakitale yoyenga mafuta ya BP ku Texas City m'dziko la America inaphulika nkupha anthu 15. Kafukufuku anapeza kuti, mwa zina, choyezera chinkaonetsa kuti mafuta akutsika m'nsanja yoyengera pamene anali kusefukira.

Nkhaniyi ikukhudza dziko lino mwachindunji. M'mafakitale a shuga a ku Nchalo ndi ku Dwangwa, zotsalira za nzimbe zimawotchedwa kuti zipange nthunzi yoyendetsa makina komanso magetsi. Choncho nthunzi iliyonse yopulumutsidwa pophika shuga ingathe kusanduka magetsi. Kufunika kwake kunaoneka mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130. Chimodzimodzinso kwa opanga simenti ku Kasungu ndi ku Mangochi, malasha opulumutsidwa ndi ndalama zopulumutsidwa, makamaka pamene ena mwa malashawo amagulidwa ndi ndalama zakunja.

Akuluakulu a m'maunduna okhudzidwa ali ndi mbali yawo. Choyamba, pokambirana ndi amalonda omwe akufuna kuchotseredwa msonkho pa makina, nkoyenera kufunsa kuti ndi Amalawi angati omwe aphunzitsidwe kuwasamalira, chifukwa masamu a mu kompyuta amafunika kuwakonzanso makina akamakalamba. Kuitanitsa katswiri kunja nthawi ndi nthawi kumadya phindu lomwe limayembekezeka. Sukulu za ukachenjede za MUST ku Thyolo ndi MUBAS ku Blantyre zimaphunzitsa kale uinjiniya, ndipo ophunzira ake akufunika mwayi wophunzirira ntchito m'mafakitale enieni.

Chachiwiri, bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards likufunika kupatsidwa mphamvu zokwanira zoyezera zipangizo za m'mafakitale. Chachitatu ndi chitetezo: m'chaka cha 2010 kunadziwika pulogalamu yoononga ya Stuxnet, yomwe inasokoneza makina a Siemens pa malo a nyukiliya a Natanz ku Iran. Fakitale yolumikizidwa ku intaneti iyenera kutetezedwa monga momwe mabanki amatetezera makompyuta awo.

Mgwirizano wa malonda wa mayiko a mu Africa unayamba kugwira ntchito mu Januwale 2021, ndipo katundu wa dziko lino adzapikisana ndi wa mafakitale a mayiko ena pa mtengo. Ogula adzasankha wotsika mtengo, kaya wapangidwa kuno kapena kunja.