Batani la AM lija, palibe amalikhudza

Alamu anga agula galimoto yochokera ku Japan, ndipo sabata yonseyi akhala akudandaula kuti wailesi yake ndi yakufa. Akuti ikafika pa 90 imabwerera, ndiye masiteshoni onse a kumtunda kwa nambala imeneyi sakuwamva. N'zoona, mawailesi a m'galimoto zimenezi anapangidwira FM ya kwawo, imene inkayambira pa 76 n'kulekezera pa 90. Ine ndinangoti, “Alamu, kukada mudine batani lolembedwa AM ilo.” Anaseka, n'kufunsa ngati kumeneko kudakali anthu.

Kuseka kumeneko ndiye kwandilembetsa lero. Mbali ya AM ya wailesi yomweyo ndi yabwinobwino, chifukwa ku Japan amatalikitsa masiteshoni ndi 9 kHz ngati ife kuno. Izi zinachokera ku msonkhano wa ku Geneva mu 1975, pamene maiko a ku Africa, Ulaya ndi Asia anagawana malo kuti asiye kupondana, ndipo dongosololi linayamba pa 23 November 1978. N'chifukwa chake 702, 909 kaya 1170 zonse zimagawika ndi 9 popanda chotsala. Yesani. Ku America amalumpha makumimakumi, moti wailesi yamabatani imene mbale wanu angakutumizireni kuchokera kumeneko ikhoza kumadumpha masiteshoni athu ambiri, inu n'kumaitukwana yosalakwa.

Tsiku limenelo la 1978 ku Britain masiteshoni anasamuka usiku umodzi, ndipo BBC inagawa timapepala tomata m'makomo kuti anthu amate pa wailesi pamene siteshoni yawo yapita. Ulemu umenewo! Ankadziwa kuti kusuntha nambala n'kusuntha omvera. Pa AM, siteshoni ya nambala yotsika imakwawa pansi mtunda wautali masana kuposa ya nambala yokwera, ngakhale mphamvu zikhale zofanana. Ikwezeni kuchoka cha pa 600 kupita cha pa 1500, midzi ya kumalire mwaitaya.

Koma zokoma zimayamba dzuwa likalowa. Masana kuwala kwa dzuwa kumapanga chifunga chosaoneka kumwamba, pa makilomita 60 mpaka 90, chimene chimameza mafunde a AM. Kukada chifungacho chimatha, mafunde aja amakagunda pamwamba penipeni n'kunjanjira pansi, n'kukagwera dziko lina. Ife amene tinakulira pa wailesi ya mabatire oyanika padzuwa tikudziwa. Unkapotokola kachitsulo pang'onopang'ono, khutu lili pa sipikala, wailesiyo ukuizunguza uku ndi uku chifukwa waya wake wokolera mawu ali m'kati. Shwiii, kenaka Chipwitikizi cha ku Mozambique. Pang'ono chabe, Voice of America pa 909 kuchokera ku Selebi-Phikwe ku Botswana. Kumtunda, Trans World Radio pa 1170 kuchokera ku Swaziland. Mawu ankabwera, n'kuzimirira pakati pa nkhani, n'kubweranso nkhaniyo itatha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero akulu, ndipo wopupuluma sanamvepo kanthu pa AM.

Tsono chimene chimandipweteka mpaka lero ndi cha wailesi ya 702 ya ku Johannesburg. Inayamba mu 1980, ndipo dzina lake linali nambala yake yeniyeniyo. Mu 2006 inapita pa FM, pa 92.7 ndi 106, kenaka ya AM ija n'kuizimitsa. Dzina anasunga, koma pa 702 anachokapo. Anthu a ku Gauteng anakondwa chifukwa mawu anayera. Nanga amene ankaitchera usiku kutali ndi kumeneko? Palibe amawerengera omvera otere, chifukwa otsatsa malonda sawadziwa. FM imapita pamene diso la mlongoti likuona basi. Phiri la Dedza kaya la Zomba likaima pakati, zatha, mpaka amange mlongoti wina.

Mudzati zonsezi zili pa foni masiku ano. Inde, ngati muli ndi bando, netiweki ndi moto m'foni. AM imangofuna mabatire, ndipo siikufunsani kuti ndinu ndani.

Ndipo musanene kuti AM imasokosera, yang'anani kaye m'nyumba mwanu. Timachaja totchipa ta mafoni, mababu osadya magetsiwa, ma inveta a sola, zonsezi zimalavula phokoso limene limakwirira masiteshoni akutali. Timaiwononga tokha, kenaka n'kumati yakalamba. Umboni mukuufuna? Dikirani tsiku limene magetsi azima dera lonse, poti masiku otere sasowa, mutulutse wailesi ya mabatire pakhonde cha m'ma 9 koloko usiku. Aneba akamatukwana mdima, inu mudzamva maiko atatu kapena anayi akulankhula bwinobwino, kufikira munthu wina wa kuseri uko atalizitsa jenereta.