Buku Limodzi, Mphasa Imodzi

Sabata ino tiike kaye pambali za kuphika ndi kusoka, tikambirane za chuma china chimene ambiri a ife tinachipeza movutikira, koma tikuchitaya pang'onopang'ono osazindikira. Ndikunena kuŵerenga.

Mwezi wathawu ndinakhala nawo pa msonkhano wa banki m'khonde m'mudzi wina kufupi ndi Ntaja. Mlembi wa gululo anali atapita kuchipatala ndi mwana, choncho buku lolembamo masheya linaperekedwa kwa mayi wina amene aliyense ankadziŵa kuti anamaliza sukulu ya kwacha, ndipo setifiketi yake akuisungabe m'sutikesi mpaka lero. Mayiyu anatsegula bukulo, naliyang'ana kwa kanthaŵi, kenaka anati dzuŵa likumthobwa m'maso. Komatu tinali pamthunzi wa mtengo wa mango. Palibe amene anaseka, pakuti tonse tinamva chimene chinachitika. Pobwerera tinatengana njira imodzi, ndipo tili aŵiriŵiri anandiuza motsitsa mawu kuti, "Amayi, zilembo ndimazidziŵa ndithu, koma zikachulukana zimandithaŵa. Chitulukire m'kalasi muja sindinagwireponso buku."

Mayiyu sanalakwe kanthu. Khasu likakhalitsa kuseri kwa nkhokwe limachita dzimbiri, ndipo kuŵerenga nakonso n'chimodzimodzi. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya sukulu za kwacha m'chaka cha 1986, ndipo amayi ambiri a kuno ku Machinga ndi Balaka anaphunzira zilembo m'buku lija lotchedwa Chuma ndi Moyo. Mu 1994 sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, atsikana ochuluka naloŵa m'kalasi, ngakhale kuti ambiri analekera panjira chifukwa cha umphaŵi kapena ukwati. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa akazi ndi atsikana 100 alionse m'Malaŵi, pafupifupi 66 ndiwo ankadziŵa kuŵerenga ndi kulemba. Koma kalembera amangofunsa ngati munthu amatha kuŵerenga. Safunsa kuti anaŵerenga liti komaliza. Tikadafunsidwa funso lachiŵirilo, ambiri tikadayang'ana pansi, ngakhale ena a ife amene tinafika ku sekondale.

Tsono chimene ndikufuna kukupemphani n'chaching'ono. Sonkhanani amayi asanu ndi atatu kapena khumi, pezani buku limodzi, ndipo muzikumana kamodzi pamwezi kuti muliŵerenge mokweza ndi kukambirana zimene mwamva. Ku maiko a Azungu magulu otere alipo ambiri, koma kumeneko aliyense amagula buku lakelake, nakaŵerengera kunyumba, n'kudzangokambirana pa tsiku lokumana. Ife tikati titsate njira imeneyo sitidzayamba n'komwe, chifukwa ndalama yogulira mabuku khumi ndi yomweyo ya feteleza ndi yunifolomu ya mwana. Njira yotiyenera ndi imene tinaizoloŵera kale pa nthano za madzulo: mmodzi alankhula, ena amvetsera navomereza. Buku limodzi likwanira mphasa yonse.

Ubwino wa kuŵerenga mokweza ndi wakuti sikusiya munthu kunja. Mayi amene sanapondeko m'kalasi amamva nkhani yonse ngati anzake, ndipo kaŵirikaŵiri pokambirana ndiye amatulutsa mfundo yakupsa, chifukwa makutu ake anazoloŵera kusunga mawu. Amene amaŵerenga mododoma apatsidwe ndime yaifupi, ndipo auzidwiretu ndime yakeyo kuti akaiyeserere kunyumba. Amene amaŵerenga bwino atenge masamba ochuluka. Lamulo loyamba likhale lakuti wina akaphonya liwu, amene wakhala naye pafupi amnong'oneze, ena onse akhale chete. Mayi wamkulu akasekedwa kamodzi pamaso pa akazi a ana ake, sadzabweranso, ndipo simudzamva chifukwa chake. Adzangoti miyendo ikuŵaŵa.

Mwina wina afunsa kuti, nanga mabukuwo tiwapeza kuti? Mabuku a Chicheŵa alipo, kungoti anabalalika. Loyamba limene ndingakulangizeni ndi Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, limene linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa olemba m'zinenero za mu Africa. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Bukuli lakhala likuphunzitsidwa m'sukulu za sekondale, ndiye kuti mphunzitsi wa Chicheŵa kapena mwana amene analemba mayeso a Fomu 4 akhoza kukhala nalo m'katoni. Palinso Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, limene limakamba za kaleredwe ndi ulemu; Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani; Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba; ndi Mkwatibwi Wokhumudwa la P. P. Litete. Funsani kwa aphunzitsi aakulu a sukulu yanu, kwa aphunzitsi opuma ntchito, ndi kwa alangizi a chitukuko cha m'midzi amene amayang'anira sukulu za kwacha. Bungwe la National Library Service, limene lamulo lolikhazikitsa linapangidwa mu 1967, ntchito yake ndi yobwereketsa mabuku kwa anthu wamba, ndipo amene amapitapita ku Zomba kapena ku Blantyre angakafunse za kabwerekedwe kake. Pa Balaka pomwepa pali a Montfort Media amene amasindikiza mabuku ndi magazini. Safunsa anadya phula. Mabuku ambiri akudyedwa ndi chiswe m'nyumba za anthu amene akadakondwa kuwabwereketsa.

Ndidziŵa kuti m'makomo ambiri a kuno chinenero cha pamoto ndi Chiyao kapena Chilomwe. Zimenezo zisakutsekereni njira. Ŵerengani m'Chicheŵa, koma pokambirana aliyense alankhule m'chinenero chimene mtima wake umamasukira. Ndipo tisaganize kuti kulemba mabuku n'kwa mitundu ina yokha: Yohanna Abdallah analemba mbiri ya Ayao m'Chiyao, buku lotchedwa Chiikala cha Wayao, limene linasindikizidwa ku Zomba kalekale mu 1919. Ndi losoŵa masiku ano, koma gulu limene lingalipeze lidzakhala ndi anganga ambiri ofuna kudzamvetsera.

Tsopano ndifike pa chimene ndimachiona chachikulu koposa. Ife amayi tili ndi nkhani zambiri zimene sitingazinene poyera. Mwamuna anapita ku Joni zaka zinayi zapitazo, ndalama zimabwera mwa apo ndi apo, ndipo mphekesera zikuti ali ndi wina kumeneko. Mwana wamwamuna wayamba kutola zinthu za eni. Mtsikana wa Sitandade 7 wayamba kubwera ndi sopo amene simunamgulire. Zotere ukazinena pa chitsime, dzuŵa lisanaloŵe zafika kwa apongozi zitamera nthenga. Koma m'buku muli anthu amene tingawakambe mopanda mantha, popeza alibe abale m'mudzi muno. Nthondo anali mwana wovuta, wakuba ndi wosamva, amene anachoka kwawo kukafuna ntchito kutali, koma pambuyo pake anabwerera nadzakhala mfumu. Mukafika pa ubwana wake ndi kufunsana kuti, "Kodi amake akadatani?" mudzaona mayi amene samalankhulalankhula akuyankha ndi mtima wonse. Nonse mudzadziŵa kuti akunena za mwana wake, iyenso adzadziŵa kuti mwadziŵa, koma palibe dzina limene latchulidwa, ndipo malangizo amene anzake apereka kwa amake a Nthondo adzapita nawo kwawo.

Pachifukwa chimenechi lamulo lachiŵiri likhale lolimba kuposa loyamba: pamphasa timakamba za anthu a m'buku, osati anthu a m'mudzi. Wina akangoyamba kuti, "Zimenezitu ndi zija za uje wa kutsidya," wapampando amdule mawu nthaŵi yomweyo, ngakhale akhale mkazi wa amfumu. Magulu ambiri a amayi amene ndinawaona akutha sanathe chifukwa cha ndalama, anatha ndi miseche.

Nanga abambo akunyumba? Musayambe mobisa. Auzeni bwinobwino, muuzenso amfumu, kuti pasakhale wonena kuti amayi ayamba msonkhano wogalukira amuna awo. Bambo wina, atamva za nkhaniyi kwa akazi ake, anafunsa kuti, "Kodi mabukuwo tidzadyera nsima?" Funsolo si lopusa, ndipo liyenera yankho laulemu. Yankho lake ndi ili: m'nyumba ya masiku ano mapepala achuluka. Pali pepala la ngongole limene mayi amadindapo chala asanamve chiwongoladzanja chake. Pali botolo la mankhwala a mwana, ndi la mankhwala opopera thonje, onse ali ndi malangizo ake. Pali lipoti la kusukulu limene mwana wochenjera amaŵerengera amake mosintha manambala. Ndipo pali foni. Bambo amene ali ku Johannesburg akatumiza uthenga, kaya wa ndalama kaya wa zakukhosi, mkazi wosatha kuŵerenga amapita nawo kwa mwana kapena kwa mnansi, ndiye kuti chinsinsi cha banja chadutsa m'maso mwa munthu wachitatu chisanafike kwa mwini wake. Ndi mwamuna uti amene amafuna zimenezo? Buku la nthano silikamba za ngongole, koma diso limene lazoloŵera kuyenda pa tsamba lonse silichita mantha ndi kapepala ka mizere isanu.

Za tsiku lokumana, ganizirani anzanu onse. M'midzi yathu Asilamu ndi Akhristu timamwa chitsime chimodzi, choncho Lachisanu masana ndi Lamulungu m'maŵa n'zosatheka, ndipo kwa ena Loŵeruka ndi Sabata. Tsiku la msika lipeŵeni. Masana a pakati pa sabata, nsima itadyedwa, ndiyo nthaŵi yabwino, ndipo maola aŵiri akwanira. Mwezi wa Ramadan ukayandikira, gwirizanani ngati mupume kapena mufupikitse. Yambani m'chilimwe, chimanga chitaloŵa m'nkhokwe, kuti pofika nyengo ya dzinja gulu likhale litamera mizu; a ku Utale ndi Phalula adziŵa okha za nthaŵi yothyola thonje, monganso a kufupi ndi nyanja ya Chilwa adziŵira za mpunga wawo. Chinthu chimodzi ndikukanizani: musaphatikize kuŵerenga ndi tsiku la banki m'khonde. Ndi zoona kuti anthu ake akhoza kukhala omwewo, koma pamene pakuŵerengedwa ndalama ndi kutchulidwa amene sanabweze ngongole, mitima imakhala itatentha kale, ndipo buku lidzangokhala chokupizira mphepo.

Buku lisungidwe m'jumbo, jumboyo m'chidebe chotseka, kuopa chiswe, mvula ndi tiana tokonda kung'amba. Pakati pa misonkhano liziyenda nyumba ndi nyumba, masiku atatu kapena anayi pa nyumba iliyonse, ndipo mlembi azilemba kumene lagona. Lobwereka libwezedwe pa tsiku lake, chifukwa mphunzitsi amene mwamtayira buku limodzi sadzakupatsaninso lachiŵiri. Ngati mufuna kusonkha kandalama kogulira buku lanulanu, kakhale kochepa koti wogulitsa zitumbuwa angakwanitse.

Kwa inu amayi a pa Balaka ndi pa Liwonde, aphunzitsi, anamwino, a m'maofesi ndi a mabizinesi, ndili ndi mawu aŵiri. Oyamba ndi akuti nanunso dzimbiri lija likukugwirani. Ambiri chitsirizire mayeso simunamalizepo buku lina lililonse, ndipo mumati nthaŵi palibe, chonsecho ya filimu za pa kanema imapezeka. Achiŵiri ndi chenjezo. Magulu a m'tauni amafa ndi mpikisano. Mwezi woyamba wolandira alendo aphika tiyi ndi mandasi, wachiŵiri aphika mpunga wa nkhuku, wachitatu aona kuti sangafikepo, nanena kuti kwagwa maliro kumudzi. Posakhalitsa wina abweretsa nkhani ya chitenje cha gulu, ndipo miyezi itatu itha mukukangana za mtundu wa nsalu, buku lili pa tsamba 12. Gwirizanani poyamba pomwe kuti chakumwa ndi madzi kapena thobwa basi. Ndipo mukaitana mayi wokuthandizani ntchito zapakhomo kapena mnansi amene sanapite patali ndi sukulu, musasandutse msonkhano kukhala kalasi, inu n'kukhala aphunzitsi. Wapampando azisinthidwa mwezi ndi mwezi, ndipo funso loyamba liziyamba kuyankhidwa ndi amene sanaŵerenge mokweza tsikulo.

Musadere nkhaŵa mukaona kuti mwezi wachitatu mwabwera anayi okha. Ŵerengani anayi omwewo, ndipo poŵeruka mukadutse kwa amene sanabwere, muwauze pamene nkhani yafika, koma osawauza mathero ake.

Amayi a kufupi ndi Ntaja aja apeza Nthondo kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito, chikuto chake chomatidwa ndi pepala la thumba la shuga. Agwirizana kukumana Lachitatu loyamba la mwezi wamaŵa, pansi pa mango omwe aja. Mayi uja amene dzuŵa linamthobwa m'maso ndiye anapempha kuti bukulo liyambe kugona kwa iye, ndipo ndamva kuti madzulo, ana akagona, amayatsa tochi ya foni ndi kuyeserera tsamba loyamba. Akuti ndime ziŵiri zoyambirira asapatsidwe wina.